Wankhanza akathawa, atola zinyalala ndani?

Sabata yatha mayi wina amene amakonda kuwerenga zolemba zangazi ananditumizira imelo. Funso lawo linali lalifupi: "Inu olemba mumaimba nthungululu wolamulira wankhanza akagwa m'maiko akunjawa, koma pakangotha mwezi mumakhala duu. Nanga ife tidziwa bwanji kuti zinthu zasinthadi?" Anatchula dziko la Syria.

Mayi, mwalasa. Kukhala chete kumeneku nanenso ndili nako mlandu. Tsiku logwetsa boma limakoma kulemba, chifukwa pamakhala zithunzi za anthu akugwetsa ziboliboli ndi kung'amba zikwangwani. Za m'mawa mwake sizikoma. Koma ine ndikafuna kudziwa ngati dziko lasinthadi, sindiyamba n'kumvera zolankhula za mtsogoleri watsopano. Ndimafunsa zinthu ziwiri: zinyalala za mumzinda zikupita kuti, ndipo odwala matenda a m'maganizo agona pati usiku uno.

Tiyambe ndi Cairo. Pa 11 Febuluwale 2011 Hosni Mubarak anatula pansi udindo atalamulira Egypt zaka pafupifupi 30. Kutacha, achinyamata anabwerera pabwalo la Tahrir atanyamula masache ndi matumba, n'kusesa pomwe anachitira zionetsero. Zinali zogwira mtima, sindikana. Koma kusesa bwalo tsiku limodzi si kutola zinyalala za mzinda wa anthu mamiliyoni ambiri tsiku ndi tsiku.

Ntchito imeneyo inali ndi eni ake kalekale. Amatchedwa Zabbaleen, ambiri mwa iwo ndi Akhristu a mpingo wa Coptic, ndipo ochuluka amakhala ku Manshiyat Naser, m'munsi mwa phiri la Mokattam. Abambo amayenda khomo ndi khomo kutolera zinyalala, akafika nazo kunyumba amayi ndi ana amazisankhula ndi manja: pulasitiki apa, makatoni apo, zitini ndi mabotolo kwina. Zimenezi amagulitsa kuti zikapangidwenso zinthu zina. Zotsala za chakudya ankapatsa nkhumba zawo. Anthu ambiri ofufuza amati mwa njira imeneyi zinthu 8 mwa 10 zilizonse zotayidwa zinkagwiranso ntchito, mulingo womwe mizinda yambiri yolemera siufika.

Boma la Mubarak silinawawerengere. Mu 2003 linapereka ntchitoyi kwa makampani a ku Ulaya. Kenako mu 2009, pa nthawi ya mantha a chimfine cha nkhumba, linalamula kuti nkhumba zonse m'dzikomo, pafupifupi 300,000, ziphedwe, ngakhale kuti bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, linanena kuti matendawo ankafala pakati pa anthu okhaokha. Nkhumba zitatha, a Zabbaleen analibenso chifukwa chosenzera zakudya zoola, ndiye zinayamba kuunjikana m'misewu. Mohamed Morsi, yemwe anapambana zisankho za pulezidenti mu 2012, analonjeza kuti m'masiku 100 akonza zinthu zisanu: chitetezo, kuchulukana kwa magalimoto, buledi, mafuta ndi ukhondo wa m'misewu. Achinyamata ena mpaka anatsegula tsamba pa intaneti lotchedwa Morsi Meter kuti aziwerenga malonjezo okwaniritsidwa. Masiku 100 anakwana milu ya zinyalala ili pompo, ndipo mu Julaye 2013 asilikali anamuchotsa pampando. Sindikunena kuti anagwa chifukwa cha zinyalala, ayi, nkhani yake inali ndi mizu yambiri. Koma munthu amene m'mawa uliwonse amalumpha mulu wonunkha womwewo popita kuntchito savuta kumuuza kuti palibe chasintha.

Ku Iraq kokha kunali koipa kuposa apa. Baghdad atagwa m'manja mwa asilikali a America pa 9 Epulo 2003, anthu ofunkha analowa m'chipatala cha Al-Rashad, chomwe chinali chachikulu kwambiri chosunga odwala misala m'dzikomo. Anatenga mabedi, mankhwala ndi zina zonse zonyamulika, odwala ambiri n'kubalalikira m'misewu. Mwezi wotsatira Paul Bremer, yemwe anapatsidwa udindo woyendetsa dzikolo, anachotsa ntchito akuluakulu a chipani cha Baath, chomwe chinkalamulira dzikolo, n'kuthetsa gulu lankhondo. Vuto linali loti nthawi ya Saddam Hussein anthu ambiri ophunzira, madokotala, aphunzitsi, mainjiniya, ankalowa chipanicho kuti angopeza ntchito kapena kukwezedwa. Walira mvula walira matope, koma matope amenewa Bremer ndi anzake anachita kuwakanda okha.

Tsopano za Syria zomwe mwafunsazo. Bashar al-Assad anathawira ku Moscow pa 8 Disembala 2024, banja lake litalamulira kuyambira 1970. Zitseko za ndende ya Sednaya, kumpoto kwa Damascus, zinathyoledwa. Mwina munaona zithunzi zija: amayi atanyamula zithunzi za ana awo, akusanthula mapepala omwazika pansi kufunafuna dzina, ndi amuna owonda akutuluka akuphethira chifukwa cha kuwala. Ena mwa iwo sankakumbukira ngakhale maina awo. Ife olemba tinaimba nthungululu pomwepo n'kupita ku nkhani ina. Koma munthu wozunzidwa zaka zambiri sachira chifukwa choti loko wathyoka. Amadzidzimuka usiku, amanjenjemera akamva chitseko chikumenyetsedwa, mwina sathanso kukhala chipinda chimodzi ndi ana ake omwe. Ndipo dzikolo madokotala ake ambiri anathawira kunja pa zaka 13 za nkhondo.

Ndiye mayi, mukamawerenga nkhani za ku Syria, musathere nthawi yonse pa za nduna zatsopano ndi alendo amene akwera ndege kukagwirana chanza ndi Ahmed al-Sharaa, yemwe anatenga utsogoleri wa dzikolo Assad atathawa. Fufuzani ngati ogwira ntchito m'makhonsolo a mizinda akulandira malipiro, ngati galimoto yotola zinyalala ikufika m'madera osauka a Aleppo ndi Homs, komanso ngati zigumukire za nyumba zophulitsidwa zikuchotsedwa kuti anthu amangenso. Fufuzaninso ngati munthu amene anatuluka ku Sednaya ali ndi koti n'kukakhala pansi ndi dokotala kapena mlangizi, popanda kuyenda tsiku lonse ndiponso popanda kugulitsa katundu wa m'nyumba kuti alipire.