Vinyo wa mphatso m'sitima yapamadzi: kodi ndilipiranso?

Funso: Mwana wanga amagwira ntchito ku Miami ndipo watilipirira ulendo wa pa sitima ya Carnival, ine ndi bambo ake. Apongozi atipatsa botolo la vinyo. Ndamva kuti tikakamwera m'sitimamo tidzalipira. Zoona zimenezi, pomwe vinyoyo ndi wathu? Mayi wa ku Zomba.

Yankho: Zoona, amayi. Ndalamayo amaitcha corkage. Carnival imalola munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo kulowa ndi botolo limodzi la 750ml losatsegula pa tsiku lokwera, ndipo mulinyamule m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi. Mukalitengera kumalo odyera, amakudulani madola 15. Woperekera zakudya safunsa kuti wagula ndani. Kwa iye ndi vinyo amene sitimayo sinagulitse, ndiye phindu lomwe laphonyedwa alipeza pa ndalama yotsegulira botoloyi. Ine ndimaona ngati kuwonjeza, koma ndi mmene amachitira.

Njira yosavuta ndi kumwera m'chipinda chanu, kumene salipiritsa. Pemphani matambula kwa wosamalira chipindacho.

Mphatso yomwe mwana wanu angaodetse kudzera ku kampani ya sitimayo ndi nkhani ina, chifukwa vinyoyo wagulidwa kwa iwo omwe. Sungani kakhadi kobwera ndi botololo kuti mukaonetse patebulo. Makampani amasiyana: MSC, yomwe imanyamukanso ku Durban, salola kulowa ndi mowa wanu nkomwe, choncho werengani malamulo a tikiti yanu musanalongedze katundu.