Mnyamata wanga wa zaka 16 amangokhala kumpanda, ndimupititse kuti?

Sabata ino ndikuyankha mayi wina wa ku Area 25 amene wandilembera pa imelo. Mwana wawo wamwamuna ali ndi zaka 16, anabadwa ndi Down syndrome (ulumali wobadwa nawo umene umachedwetsa kuphunzira), ndipo sukulu analekezera Sitandade 4 atabwereza kangapo. Iwo amagwira ntchito m'tauni, ndiye akamachoka m'mawa amakhoma geti, mnyamatayo n'kutsala akuonera TV mpaka madzulo. Akufunsa kuti: "Kodi mu Lilongwe muno muli malo amene angamuphunzitse kudziimira payekha? Nanga ine ndikadzapita adzakhala bwanji?"

Mayi, malo alipo ndipo ndiwatchula. Koma palibe kumene mungakamutule lero n'kudzamutenga chaka chamawa ali wodzidalira. Mwana wa ulumali wa mu ubongo amaphunzira pobwereza chinthu chomwecho, pamalo pomwe azidzachichitira. Akaphunzira kuwerenga ndalama m'kalasi sizitanthauza kuti akafika pa okala akagula. Ndiye ntchito yaikulu ili kunyumba kwanu ndi m'dera lanulo, ndipo geti lokhomalo ndi limene likumubwezera m'mbuyo kuposa ulumaliwo. Sindikukudzudzulani. Ndikudziwa chimene mumaopa: galimoto za mumsewu, ana omuseka, anthu a mitima yoipa.

Yambani ndi okala ya pafupi. Kalankhuleni kaye ndi mwini wake, mumuuze kuti mnyamata azibwera kudzagula buledi, amupatse mpata wonena yekha chimene akufuna, asamamuyankhire. Masiku oyamba pitani naye, ndalama yokwanira ndendende ili m'manja mwake, osati mwanu. Akazolowera, inu muziima pa kona iye n'kukafika yekha. Kenako muzimudikira pageti. Za chenji zidzabwera pambuyo pake. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: musamuphunzitse kuzindikira ndalama poyang'ana nkhope. K500 ndi K2,000 zonse zili ndi John Chilembwe, K1,000 ndi K5,000 zonse zili ndi Kamuzu Banda, ndiye munthu wa mtima woipa akhoza kumupusitsa mosavuta. Azizindikira mtundu wa pepalalo ndi nambala yake.

Minibasi nayo ndi chimodzimodzi, kungoti imafuna nthawi yaitali. Sankhani ulendo umodzi wokha, tinene kuchoka pa Nsungwi kupita kwa azakhali ake. Poyamba khalani naye mpando umodzi, azipereka yekha ndalama kwa kondakitala ndi kunena yekha potsikira. Kenako inu muzikhala kumbuyo ngati simukumudziwa, ngakhale mutaona kuti watsala pang'ono kupitirira siteji. Apa ndi pamene makolo ambiri timalephera kudzigwira, timafulumira kukuwa kuti "wotsika!" mwana asanayese n'komwe. M'thumba mwake muzikhala kakhadi kolembedwa dzina lake ndi nambala za foni ziwiri.

Pakhomo musamuchitire zimene angathe. Kuchapa zovala zake, kusita, kuwiritsa madzi a tiyi, kutsuka mbale, kukolopa. Gawani ntchito iliyonse m'tizigawo ting'onoting'ono, ndipo poyamba muzimusiyira kachigawo komaliza kuti aziona kuti wamaliza ndi iye. Mukachapa, iye ayanike. Sabata inayo atsukuluze ndi kuyanika. Azibwerera m'mbuyo choncho mpaka ntchito yonse ikhale yake. Zovala sizidzayera ngati mmene mumachapira inu, zisiyeni choncho.

Tsopano za kukhala pakati pa anthu. Ife kuno munthu amawerengedwa ndi kupezeka kwake pa maliro, pa ukwati, kutchalitchi. Mnyamata wa zaka 16 amene saoneka pa siwa akunyamula mipando kapena kutunga madzi, anthu amamuiwala kuti aliko. Mutengeni. Pemphani atsogoleri a mphakati kapena mlaga wanu amupatse ntchito yakeyake, kaya kukonza mabenchi Lamulungu m'mawa kapena kuimba kwaya ya achinyamata. Ndikuti ya achinyamata, osati Sande sukulu ya tiana, chifukwa ameneyu si kamwananso ayi. Anthu amene amudziwa dzina ndi amene adzamubweze akadzamuona wasochera.

Malo aja ndi awa. Yambirani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma la Lilongwe kuti amulembe m'kaundula. Pitaninso ku MACODA, bungwe la boma loona za anthu aulumali limene ambirife tinalizolowera kuti MACOHA. Linakhazikitsidwa mu 1971, ndipo dzina linasintha ndi lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024 limene linalowa m'malo mwa la 2012. Lili ndi sukulu yophunzitsa ntchito zamanja kuno ku Lilongwe ndi ina ku Magomero. Mukafika funsani mosapita m'mbali: kodi amalandira wachinyamata wosatha kulemba bwino, ndipo amayambira zaka zingati? Kuona kwanga n'koti maphunziro ambiri a luso m'dziko muno anakonzedwa poganizira olumala miyendo, osaona ndi osamva, ndiye za ana ngati wanuyu muyenera kuchita kukakamira. PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali, ndi lofunika kwa inuyo mwini wake: makolo anzanu ndi amene amadziwa mphunzitsi wabwino ndi khomo limene limatseguka. Sukulu zina za boma zili ndi chipinda chapadera chokhala ndi aphunzitsi amene anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Mlangizi wa sukulu za pulayimale wa zoni yanu angakuuzeni yapafupi.

Imene ndimaikonda kwambiri ndi Special Olympics, bungwe la masewera a anthu a ulumali wa mu ubongo. Inayamba ku America mu 1968 ndipo kuno ku Malawi iliko. Mu February 2014 inagwirizana ndi mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Joyce Banda, kuchititsa msonkhano wa atsogoleri a mu Africa wokamba za ulumali konkuno ku Lilongwe. Ubwino wake ndi woti ili ndi matimu osakaniza, a ulumali wa mu ubongo ndi opanda ulumali kusewera limodzi mpira. Kumeneko mwana amapeza anzake, chinthu chimene inu mayi simungamupatse. Asanayambe masewera akamuone adokotala, chifukwa ana ena a Down syndrome amakhala ndi vuto la mtima kapena mafupa a pakhosi osalimba. Muwapemphenso amuyeze maso, makutu ndi chithokomiro. Nthawi zina amene timamuti waulesi kapena wosamva zonena amakhala kuti sakumvadi.

Kumutsegulira geti kuyendere limodzi ndi kumuphunzitsa kudziteteza. Adziwe ziwalo za thupi lake zimene wina sayenera kugwira, adziwe kuti ali ndi ufulu wokana ngakhale kwa munthu wamkulu, komanso kuti asalandire katundu woti akapereke kwa munthu amene sakumudziwa. Anyamata nawonso amachitidwa nkhanza, si atsikana okha. Nambala yaulere ya ana ndi 116, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Za ntchito musayang'ane kutali. Nkhuku khumi zakezake, dimba la masamba kuseri kwa nyumba, kapena kuthandiza kwa kalipentala wa m'dera lanu maola awiri patsiku. Chofunika alandire kenakake m'manja, asankhe yekha chogula, ngakhale atagula zimene inu mukuona kuti n'zachabechabe.

Funso lanu lomaliza lija musalisunge mumtima nokha. Itanani amalume ake, azakhali ndi abale ake mudakali ndi mphamvu, mugwirizane amene adzakhale naye, ndipo mnyamatayo akhalepo anene maganizo ake. Ayambe kukagona kumeneko masiku ena kuyambira panopa kuti asadzakhale mlendo. Lembani wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza ana, koma pepala lonena momveka za nyumba ndi amene adzayang'anire gawo lake lidzachepetsa mikangano. Kope lina mukasungitse kwa loya kapena munthu amene mumamukhulupirira kunja kwa banja.