Hita ikuti 26, themometa ikuti 29: zoona zili pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina wokhala ku Johannesburg. Ndaidula pang'ono, koma nkhani yake ndi iyi:

"Achimwene, ndili ndi thanki ya malita 200 momwe ndikusungamo nsomba za mbuna 12. Kuzizira kutayamba mu June ndinagula hita ya mawati 200 n'kuitchera pa 26. Koma kapepala koyezera kutentha komwe ndinamata pagalasi kakuonetsa 23, pomwe themometa ya batire yomwe mnzanga wandibwereka ikuonetsa 29. Nsomba zikumangokhala pamwamba, kupuma mwawefuwefu. Kodi hitayi ndi yakufa? Ndiitaye?"

Achimwene, musaitaye kaye. Pabwalo panu pabwera mboni zitatu, iliyonse ndi mawu ake, ndipo mwa zitatuzo palibe yomwe mwaifunsa bwinobwino. Pali ndi mboni yachinayi yomwe simunaiwerenge, nsomba zenizo. Madzi akamatentha mpweya umachepamo: m'malo otsika ngati m'mphepete mwa nyanja yamchere, pa madigiri 25 lita imodzi imasunga pafupifupi mamiligalamu 8.3 a okosijeni, pa 30 amatsika kufika cha m'ma 7.5, chonsecho thupi la nsomba likatenthedwa limafuna mpweya wochuluka kuposa kale. Ndiye mbuna zikamalendewera pamwamba, ine ndimayamba kukhulupirira 29 uja. Madzi akuda kapena fyuluta (chosefera madzi) yotsekeka zimachititsanso zomwezo, choncho yang'anani kumenekonso. Lero lomwe, musanawerenge zotsalazi, bwezani hita m'mbuyo ndi digiri imodzi, ndipo kwezani paipi ya fyuluta kuti madzi apamwamba aziwinduka.

Kapepala kapagalasi kaja tikachotse msanga pamlandu. Kali kunja kwa thanki, mbali imodzi kakhudza galasi, mbali inayo kakumva mphepo ya m'chipinda. Ndi chisanu cha Johannesburg m'mwezi wa June, kangalephere bwanji kunena 23? Kasiyeni kazikongoletsa.

Tsopano nambala ya pahita. Anthu ambiri amaganiza kuti akaloza 26 ndiye kuti hita yayeza madzi n'kupeza 26. Ayi. M'mahita ambiri agalasi muli kachitsulo kopyapyala kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zosiyana zomatidwa pamodzi. Kukatentha, china chimafutukuka kwambiri kuposa chinzake, kachitsuloko kamapindika, magetsi n'kuduka. Kukazizira kamawongoka, magetsi n'kulumikizika, kanyale kaja n'kuyaka. Chopotokola chapamwambacho ntchito yake ndi kusendeza poyambira kupindikako basi. Manambala anangodindidwa kufakitale, ndipo si zachilendo kuti aphonye ndi digiri imodzi kapena awiri, ngakhale hita ili yatsopano m'katoni. Ikamakalamba imathanso kusuntha. Nambalayo muziitenga ngati mtengo woyamba wa wogulitsa tomato pamsika: ndi poyambira kukambirana.

Ndiye woweruza ndani? Themometa, koma nayonso iyambe yayesedwa. Apa ndi pamene ambiri amadumpha, n'kumakonza hita yabwinobwino motsatira themometa yonama.

Njira yosavuta ndi ya ayisi. Phwanyani ayisi wa mufiriji akhale tizidutswa ting'onoting'ono, mudzaze kapu mpaka pakamwa, kenako thiranimo madzi ozizira ongokwanira kutseka mipata. Takasani, dikirani mphindi zitatu kapena zinayi, lowetsani kamutu ka themometa pakati osakhudza pansi kapena m'mbali. Iyenera kunena 0. Ikanena 1, dziwani kuti imawonjezera. Madzi owira musayesere n'komwe. Kusukulu tinaloweza kuti madzi amawira pa 100, koma zimenezo ndi za m'mphepete mwa nyanja yamchere. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kumeneko madzi amawira cha pa 94. Ku Lilongwe ndi cha pa 96 kapena 97. Mukhoza kutaya themometa yolungama poiyesa yabodza. Ayisi alibe nazo ntchito za kukwera kwa malo.

Vuto la ayisi ndi loti 0 ali kutali ndi 26, komanso mathemometa ena a m'thanki sawerenga mpaka pansi choncho. N'chifukwa chake ine ndimakonda njira yachiwiri: themometa yoyezera malungo, ija ya kufamase yoika m'khwapa. Imeneyo inapangidwa kuti isamaphonye kwambiri, kungoti imawerenga kuyambira cha pa 32 mpaka 42. Sakanizani madzi ofunda m'jagi afike ngati kutentha kwa thupi, takasani bwino, ikani mitu ya mathemometa onse awiri pamodzi, muone kusiyana kwake. Yamalungo ikati 36.5, ya mnzanuyo ikati 37.5, ndiye kuti 29 uja kwenikweni ndi 28. Lembani kusiyanako pakapepala, mumate pachivundikiro cha thanki. Mutu umaiwala.

Mukakhala ndi themometa yodalirika, ntchito yotsala ndi ya kudekha. Ikani kamutu kake pakatikati pa kuya kwa madzi, mbali yotalikirana ndi hita. Hita ikhale pomwe madzi a fyuluta akudutsa, yomira mpaka kupitirira mzere womwe anajambulapo. Ikakhala pakona pomwe madzi sayenda, kapena kuseri kwa mulu wa miyala (ndipo ife osunga mbuna timaunjika miyala ngati tikumanga maziko), imatenthetsa kadziwe kake komweko n'kuzima, mbali ina ya thanki kukuzizira. Zikatero mudzaimba mlandu hita pomwe cholakwa ndi malo.

Kenako musakhudze kalikonse kwa tsiku lathunthu. Ndikudziwa kuti dzanja limayabwa, koma taonani masamu ake. Kuti lita imodzi ya madzi ikwere ndi digiri imodzi pamafunika mphamvu pafupifupi majulo 4,200. Hita ya mawati 200 m'malita 200 imatenga ola limodzi ndi mphindi khumi kukweza digiri imodzi yokha, apo tisanawerengere kutentha komwe kukuthawira m'galasi ndi pamwamba. Kutsika ndiye kumachedwa kuposa pamenepo. Munthu wopotokola hita ola lililonse akuthamangitsa chithunzithunzi chake.

Werengani kanayi: m'bandakucha pomwe m'nyumba mwazizira kwambiri, masana, madzulo, ndi pogona. Chofunika kwambiri ndi kugwira nthawi yomwe kanyale ka hita kangozima kumene, chifukwa kutentha kwa madzi panthawi imeneyo ndiye nambala yeniyeni yomwe hita yanu ikugwirira ntchito. Madzi akamasewera ndi theka la digiri kapena digiri imodzi pakati pa kuyaka ndi kuzima, palibe cholakwika, ndi mmene zimagwirira ntchito.

Tinene kuti mwapeza 28 pomwe chopotokola chikuloza 26. Mahita ena, monga Eheim Jäger, ali ndi njira yosunthira cholozera pachokha kuti chiloze nambala yomwe mwayeza, popanda kusintha zam'kati. Mumazula pulagi, n'kusuntha cholozeracho chifike pa 28, kenako n'kutchera kutentha komwe mukufuna. Kasunthidwe kake kamasiyana pakati pa akale ndi atsopano, ndiye tsatirani kapepala ka m'katoni. Yanu ikakhala yopanda zimenezo, musadandaule ndipo musaitsegule. Bwezani chopotokola pang'ono, dikirani tsiku, yezani, bwezaninso mpaka themometa inene zomwe mukufuna. Pamenepo jambulani kamzere ndi maka yosafufutika, manambala akufakitale aja muwaiwale. Yanga ina yakhala ikuloza 24 kwa zaka ndithu, madzi ali phee pa 26. Musatsitse kuposa digiri imodzi patsiku, ndipo musathire madzi ozizira kapena ayisi m'thanki pofuna kufulumira. Kuzizira kwadzidzidzi kumafooketsa nsomba, ndipo kawirikawiri pambuyo pake m'pamene timadontho toyera timatulukira pazipsepse.

Kodi mufune nambala iti? Mbuna kwawo ndi m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, komwe madzi apamwamba amatsika kufika cha pa 23 nthawi ya mwera, n'kukwera mpaka 28 kapena kuposerapo pang'ono nyengo yotentha. Koma nyanja imasintha pamiyezi, osati pausiku umodzi, komanso mafunde amalowetsamo mpweya usana ndi usiku, zomwe thanki ya nsomba 12 ilibe. Ine ndimasunga pa 25 kapena 26. Zikatenthedwa kwambiri zimadya mosakhuta, zimadetsa madzi msanga, ndipo zazimuna ndewu imakula. Inu mukudziwa kale kuti mbuna sizifuna chifukwa chachikulu kuti ziyambane.

Chimodzi chomwe ndinaphunzira ndi misozi: posintha madzi zulani pulagi, ndipo dikirani mphindi 15 kapena kuposerapo musanatsitse madzi kapena kuitulutsa. Tsiku lina ndinaiwala, madzi anatsika, theka la hita linatsala pamtunda likuyaka. Nditathira madzi atsopano ndinangomva kuti thee! Galasi lang'aluka, ine dzanja lili m'madzi momwemo. Mwayi wake magetsi anadzidula okha pabokosi.

Nanga ndi liti pomwe muyenera kuitaya? Mukaibweza mpaka pansi koma kanyale osazima ndipo madzi akukwerabe, ndiye kuti tizitsulo tolumikiza magetsi tagwirana, ndipo hita yotere imaphika nsomba usiku umodzi. Mukaona nthunzi kapena timadontho ta madzi m'kati mwa galasi, kapena mng'alu ngakhale waung'ono, imeneyo yatha. Chimodzimodzi ngati lero ikuzima pa 25, mawa pa 29, musanaikhudze. Koma ikamaphonya ndi madigiri awiri omwewo tsiku ndi tsiku, ndi hita yabwino yovala nambala yolakwika. Ngati thumba likulola, gulani kabokosi kolamulira kutentha, monga ka Inkbird, kokhala ndi kamutu kakekake koviika m'madzi. Hita mumailumikiza m'menemo n'kuitchera digiri imodzi pamwamba pa nambala ya kabokosiko, kuti chimodzi chikalephera chinzake chidule magetsi. Kamutu kakenso mukayese m'jagi muja.

Mukatha masiku atatu mukuyeza, munditumizire manambala a m'bandakucha ndi a pomwe kanyale kazima, komanso mundiuze ngati nsombazo zatsika pansi.