Tunnel ikuonetsa "up" koma masamba akukanirira: yambani ndi MTU

Achimwene, mwati ku ofesi kwanu ku Ngabu rauta imatumiza intaneti yonse ku Zscaler, kampani yosefa ndi kuteteza intaneti, kudzera pa GRE tunnel, njira imene imakuta mapaketi a data anu n'kuwapititsa kumeneko. Tunnel ikuonetsa "up", mauthenga a WhatsApp akudutsa, koma masamba ena akungozungulira osatseguka ndipo ma imelo okhala ndi mafayilo sakupita. Mukasinthira ku rauta ya 4G, tunnel ikufa kotheratu. Awa ndi mavuto awiri osiyana, ndiye musathamangire kunena kuti ndi netiweki ya kuno kuchigwa basi.

Pa loyambalo ndikukayikira kwambiri MTU, ndiye kuti kukula kwa paketi yaikulu imene laini ingadutsitse. Paketi yaikulu imene imadutsa pa Ethernet wamba ndi ya ma byte 1500. GRE imaikuta ndi ma byte ena 24, kutanthauza 20 a IP header yatsopano ndi 4 a GRE, choncho mkati mwa tunnel mumatsala malo a 1476 okha. Zili ngati ngolo yodzaza thonje pachipata chopapatiza: njinga zikudutsa, ngolo yaima. Uthenga wa WhatsApp ndi waung'ono, koma satifiketi ya tsamba la HTTPS kapena fayilo ya pa imelo imadza m'mapaketi odzaza. Rauta imayenera kubweza uthenga wa ICMP wouza wotumiza kuti achepetse, koma ma firewall ambiri amatseka ICMP yonse, ndiye paketi imangotayika popanda wokuuzani.

Yesani chonchi. Pa Windows lembani ping -f -l 1472 kenako adiresi ya mkati ya mbali ina ya tunnel. Adiresi imeneyi ndiyofunika, chifukwa ngati rauta imalowetsa mu tunnel ma port 80 ndi 443 okha, ping yopita ku Google idutsa njira ina n'kukunamizani. Tsitsani nambalayo pang'onopang'ono mpaka yankho libwere, kenako onjezani 28 ya ma header a IP ndi ICMP. Ikayankha pa 1448, MTU yanu ndi 1476, ndipo MSS, data yochuluka imene paketi imodzi ya TCP inganyamule, ikhale yochepera ndi 40, ndiye kuti 1436. Pa Cisco ikani ip mtu 1476 ndi ip tcp adjust-mss 1436 pa tunnel interface. Pa MikroTik ndi change-mss mu mangle, pa mapaketi a SYN, amene amayambitsa kulumikizana kwa TCP. Ngati laini yanu ndi ya PPPoE, imene rauta imalowa ndi dzina ndi password, chotsaninso 8 pa MTU ndi MSS. Chinanso chimene ambiri amaiwala: Chrome imakonda QUIC, njira ina yotsegulira masamba, pa UDP 443, ndipo MSS imakhudza TCP yokha. Ine ndimangotseka UDP 443 pa firewall kuti browser ibwerere ku TCP.

Za 4G, pamenepo musadzivutitse ndi GRE. GRE ndi protocol 47, ilibe ma port, ndipo imafuna public IP yosasintha imene mwalembetsa ku Zscaler. Ma SIM card wamba amagawana adiresi imodzi ndi anthu ambiri kudzera pa CGNAT, NAT ya kampani ya netiweki imene imabisa makasitomala kuseri kwa adiresi imodziyo, ndipo Starlink nayonso imatero pa mapulani ake wamba. Onani adiresi ya WAN pa rauta: ikayamba ndi 10 kenako dontho (10.x.x.x), kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, muli kuseri kwa NAT. Mankhwala ake ndi tunnel ya mtundu wina, IPsec ya IKEv2 yokhala ndi NAT-T yoithandiza kudutsa NAT, imene imayenda pa UDP 500 ndi 4500, ndipo rauta idzidziwitse ndi dzina la FQDN (dzina lathunthu la domain) ndi pre-shared key (mawu achinsinsi amene mbali zonse ziwiri zili nawo) m'malo mwa IP. IPsec imadya malo ambiri kuposa GRE, ndiye yambirani pa MTU 1400 ndi MSS 1360. Yatsaninso DPD ndi keepalive, timauthenga toona ngati mbali ina ikadalipo ndi tosunga njira yotseguka, popeza NAT imaiwala kulumikizana kwa UDP kukakhala chete, ndipo tunnel imatha kuoneka yamoyo pamene inafa kalekale.

Ngati mwakonza zonsezi koma ikumadukabe masana, onani uptime ya rauta, nthawi imene yakhala ikuyaka osazima. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo rauta yotsekeredwa m'kabati pansi pa denga la malata imazima n'kuyakanso yokha. Magetsi akathima, ma rauta ang'onoang'ono ambiri amataya nthawi, choncho ikani NTP kuti rauta izitenga nthawi yolondola pa intaneti, apo ayi log idzakusokonezani ndipo masatifiketi adzakanidwa.

Tiuzeni nambala imene ping yayankhira ndi mtundu wa rauta yanu. Koma pre-shared key ndi public IP musaziike m'gulu muno, ngakhale pa screenshot.