Mbava yanga inafera pa 12

Achimwene, nkhani yanu yofuna kusiya 5e, mtundu wachisanu wa masewera a patebulo a Dungeons & Dragons, n'kuyamba malamulo ake akale otchedwa B/X yanditokosa pabala. Mpaka pano ndikaona d20, dayisi ya mbali 20, itaima pa 12 mtima umandiwawa.

Ine ndinayambira pa 5e ya 2014 ija, mmene munthu wako wa m'masewera akagwa pa 0 HP (mapointi a moyo wake) safa pompo. Umaponya d20 pa ma death save, oona ngati apulumuke imfa, ukapeza 10 kapena kuposa katatu wapulumuka, ndipo nthawi zambiri cleric, wansembe wochiritsa wa gululo, amakhala atakudzutsa kale. Nditabwera kuno ku Johannesburg ndinalowa gulu lina losewera B/X ya 1981, yomwe gawo lake loyamba anakonza Tom Moldvay. Palibe anandikhazika pansi kundiuza kusiyana kwake. Anangondipatsa pepala, ponya 3d6 (madayisi atatu a mbali 6) kasanu ndi kamodzi motsatana kuti upeze manambala a mphamvu ndi nzeru za munthu wako, zimene zatuluka ndi zomwezo, osasinthanitsa. Ndinapanga thief, kutanthauza mbava, wa HP zitatu zokha, n'kumutcha Njuzi.

Miyezi isanu ndi iwiri ndinamulera Njuzi, Loweruka lililonse ndikukwera taxi ziwiri kupita kumeneko. Ku B/X, XP (mapointi okwezera level) yambiri imachokera ku golide amene mwatuluka naye kuphanga, gp (ndalama yagolide) imodzi XP imodzi, ndiye ndinaphunzira kuzemba ndewu, kuwerenga miuni, kugogoda pansi ndi ndodo ya mafiti 10 ndisanaponde. Anafika level 3, kudutsa XP 2,400, zonse za thukuta.

Tsiku lakelo tinapeza bokosi lachitsulo m'kachipinda kopanda kanthu. Ndinanena momveka, aliyense anamva: ndavala magolovesi achikopa, bokosilo ndalitembenuza ndi ndodo kuti loko ayang'ane kukhoma, ndikufufuza msampha. DM, woyendetsa masewerawo, anaponya kuseri kwa chotchinga chake, mwayi wanga unali 20 pa 100, n'kunena kuti sukuona kalikonse. Nditangogwira chivundikiro, iye osandiyang'ana n'komwe, akutafuna tchipisi, akuti singano yakubaya chala, ponya save ya poizoni. Ndikufunsa, nanga magolovesi aja? Akuti singano yaboola. Nanga si loko ndamulozetsa kukhoma? Akuti ponya basi. Ndimafunika kupeza 13 kapena kuposa pa d20 kuti Njuzi apulumuke. Dayisi inagubuduka, inagunda kapu ya tiyi, n'kuima pa 12. Chete patebulo ponse. Kenako DM uja anaseka, kuseka kwenikweni mpaka kugwira pamimba, anakoka pepala la Njuzi m'manja mwanga, analemba mtanda waukulu ndi bolopeni yofiira n'kundikankhira lina lopanda kanthu. Mphindi zisanu zisanathe anzanga anali akugawana zingwe ndi mipeni ya Njuzi. Ine manja akunjenjemera pansi pa tebulo, ndikulephera ngakhale kugwira pensulo.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti munthu yemweyo ndi amene ankatilalikira sabata ndi sabata kuti masewera akale safuna kudalira manambala a papepala, amafuna nzeru za wosewera, fotokoza zimene ukuchita ndipo zidzakupulumutsa. Ndinafotokoza! Iye anali atasankha kale kuti lero wina afe, kuti akapeze chodzitamira kwa anzake kuti tebulo lake ndi loopsa. Panalibe ngakhale chizindikiro chimodzi, kaya mafupa pafupi ndi bokosi, kaya kabowo pachivundikiro. Pamwamba pa izo anandiyambitsanso level 1 ena ali pa 3 ndi 4. Kuchokera pamenepo ndinapitako kawiri kokha, ndinasiya. Anthu otere ndi amene amaipitsa mbiri ya masewera akale, amabisala kumbuyo kwa dzina la Gary Gygax, mmodzi mwa amene anayambitsa Dungeons & Dragons, chikhalirecho vuto ndi mtima wawo wouma.

Komabe achimwene, yesani ndithu. Pezani Old-School Essentials, ndi B/X yomweyo koma yosanjidwa bwino. Munthu mumapanga m'mphindi khumi, ndewu imatha msanga, pomwe ku 5e ndewu imodzi inkatidyera ola lathunthu aliyense akusakasaka luso lake papepala. Kuli morale, zilombo zimathawa zikaona kuti zavuta. Kuli reaction roll ya 2d6, mwina ma goblin n'kufuna kukambirana nanu m'malo mokuthirani nkhondo. Mantha amene ndinkamva muuni ukatsala pang'ono kuzima sindinawamvepo ku 5e, ndipo ndimawasowa.

Kungoti auzeni anzanu tsiku loyamba kuti kuno 0 HP ndi maliro, poizoni amapha pompo, aliyense abwere ndi munthu wachiwiri m'thumba. Musawalole kulemba mbiri ya masamba atatu, asamukonde kwambiri munthu wawo. Ndipo lamulo la poizonilo musalifewetse, mukalichotsa mwachotsa mchere wonse. Inu monga DM muzingomvetsera zimene wosewera wanena asanagwire bokosi. Pepala la Njuzi ndinalitola pochoka tsiku lija, likadali mu envelopu pamodzi ndi pasipoti yanga.