Mukufuna kusamukira ku Aviemore ndi ana? Yambani mwapeza nyumba

Sabata yatha ndalandira imelo kwa mayi wina wa ku Leicester, dzina sinditchula. Akuti amuna awo apeza ntchito ya m'khitchini pa hotelo ina ku Aviemore, kumapiri a ku Scotland komwe anthu amakasewera ski, ntchito iyamba Disembala ndipo hoteloyo ipereka chipinda chogona. Ali ndi ana awiri, wa zaka 6 ndi wa 13. Funso lawo ndi loti asiye nyumba ya renti ya ku Leicester apite onse limodzi, kapena atani, poti ineyo ndinakhalako kumeneko.

Achemwali, zikomo pondikhulupirira. Ndiyankha pano kuti ena amene ali ndi maganizo omwewa amve nawo. Yankho langa ndi loti musanyamule ana mu Disembala. Abambo atsogole okha, inu mutsatire nyumba ikapezeka, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Tiyambe ndi chipinda akulonjezacho. Zipinda za antchito m'mahotelo akumeneko zimakhala za munthu mmodzi, mwina awiri, bedi, kabati, bafa logawana ndi anzako, khitchini ya onse kumapeto kwa kolido. Ine ndinagonamo miyezi isanu, nsima ndimaphika usiku anzanga atagona chifukwa mbaula inali imodzi ndipo masana pamakhala mzere. Malo amenewo ana salola kawirikawiri, ndipo chipindacho chimayenda ndi ntchito, ntchito ikatha nacho chatha. Ndiye funsani bwinobwino, akulembereni pa pepala kuti chipindacho ndi cha anthu angati, akudula zingati pa malipiro, komanso kontrakiti ikatha akupatsani masiku angati oti mutuluke.

Nyumba yeniyeni ya banja ku Aviemore ndi yosowa zedi, apa ndipamene anthu ambiri amagwa. Tauniyi ndi yaying'ono, anthu ake ndi 3,000 ndi kachidutswa basi, koma alendo amabwera chaka chonse nde eni nyumba ambiri anaona kuti kubwereketsa kwa alendo masiku atatu anayi kumalipira kuposa kuika banja la renti ya pamwezi. Zinafika poti mu 2024 khonsolo ya derali, Highland Council, inaika lamulo lapadera m'dera la Badenoch and Strathspey loti munthu asangosandutsa nyumba kukhala ya alendo popanda chilolezo. Nyumba ya zipinda ziwiri ikatuluka pa intaneti m'mawa, pofika madzulo anthu aimba kale ambirimbiri. Musamangoyang'ana Aviemore yokha, onaninso Kingussie, Newtonmore, Grantown-on-Spey, Carrbridge, Boat of Garten, ngakhale Inverness imene ili makilomita pafupifupi 50 kumpoto, sitima ilipo komanso msewu wa A9. Chabwino cha ku Scotland ndi choti kuyambira Disembala 2017 renti ya nyumba za anthu ilibe tsiku lothera, mwini nyumba ayenera kukhala ndi chifukwa chovomerezeka kuti akutulutseni, ndipo dipoziti isapitirire renti ya miyezi iwiri. Koma chitetezo chimenechi ndi cha nyumba imene mwachita renti panokha, chipinda cha kuntchito musachiwerengere pamenepo.

Mukapeza nyumba funsani kuti imafunditsidwa ndi chiyani. Nyumba zambiri za kumeneko zilibe gasi wa m'mapaipi ngati ku Leicester, zimadalira mafuta a m'thanki kapena mahita a magetsi, ndipo bilu ya Januwale imatha kukudzidzimutsani.

Tsopano za ntchito. Phiri la Cairn Gorm, lomwe anthu amasewerapo ski pafupi ndi Aviemore, ndi lotalika mamita 1,245, ife a ku Mulanje komwe Sapitwa ndi 3,002 tikamva timaona ngati kachulu, koma musalipeputse, mu 1986 pamwamba pake anayeza mphepo ya mamailosi 173 pa ola. Mphepo ikakula amatseka zonyamulira anthu, sinowo ikapanda kugwa kapena ikasungunuka ndi mvula alendo a ski sabwera, ndipo alendo akachepa mashifiti a m'khitchini amadulidwa sabata yomweyo. Nyengo ya ski pamapepala ndi Disembala mpaka Epulo koma chaka chilichonse chimabwera ndi zake. Ngakhale kasitima kokwera phiri kamene anatsegula mu 2001 kanaima mu 2018, kanayambanso mu Januwale 2023 n'kuimanso chaka chomwecho kuti akonze. Ine chaka changa choyamba panali sabata ina ya Febuluwale ndinagwira maola 14 okha, ndinali ndekha ndinapirira, koma ndikaganiza kuti ndikanakhala ndi ana awiri mtima umandiwawa mpaka pano. Ndiye abambo afunse kuti kontrakiti ikuwatsimikizira maola angati pa sabata, nanga ndi ya nyengo yozizira yokha kapena ya chaka chonse. Ikakhala ya ziro awazi, yosakutsimikizirani maola aliwonse, banja silingasamukire zimenezo.

Chimene anthu ambiri sadziwa ndi choti Aviemore imadzadza kwambiri nthawi yotentha. Juni mpaka Ogasiti anthu amabwera kudzakwera mapiri, kupalasa njinga m'nkhalango ya Rothiemurchus, kusambira ku Loch Morlich, poti dera lonseli ndi Cairngorms National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 2003. Munthu wolimbikira amene waonetsa manja ake mu Disembala ndi Januwale amatha kupempha kontrakiti yokhazikika pofika Malichi chifukwa mahotelo amasowa antchito okhalitsa. Inunso mwati mumagwira ntchito yosamalira okalamba, imeneyo ku Highlands anthu ake ndi osowa ndipo siyidalira sinowo, ndiye mwina ntchito yanu ndi imene idzagwire banja kuposa ya abambo.

Za viza simunanene. Ngati muli ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale palibe vuto. Koma ngati wina mwa inu ali pa viza yomangidwa kwa olemba ntchito, musasiye ntchito ya ku Leicester musanapeze wina wokhala ndi laisensi yoti akutengeni, ndipo ntchito za nyengo imodzi kawirikawiri sizipereka zimenezo. Apa onanani ndi mlangizi wovomerezeka wa za imigireshoni, osadalira za pa gulu la WhatsApp.

Ana ndi amene akundipangitsa kunena kuti dikirani. Sukulu za ku Scotland ndi zosiyana ndi za ku England, pulayimale ndi P1 mpaka P7, sekondale S1 mpaka S6, mayeso ake ndi a National 5 osati GCSE, ndipo chaka chimayamba pakati pa Ogasiti. Wamng'onoyo sukulu aipeza mu Aviemore momwemo, koma wa zaka 13 azikwera basi kupita ku Kingussie High School tsiku lililonse. Taganizani mwana amene wasiya anzake onse, wafika pakati pa chaka, mu Disembala momwe dzuwa limatuluka cha m'ma 9 koloko n'kulowa isanakwane 4, akupita kusukulu kuli mdima kubwerera kuli mdima, mwina ndi yekha wakuda m'kalasi monse. Mwana yemweyo akafika mu Julayi, kunja kukuwala mpaka 10 koloko usiku, amayenda m'nkhalango, amadziwana ndi ana oyandikana nawo, sukulu amayamba limodzi ndi anzake. Ndaona zonse ziwiri ndi maso anga ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Zokoma ziliponso, ana osakwana zaka 22 amakwera basi mwaulere ku Scotland akakhala ndi khadi, mankhwala olembedwa ndi dokotala salipiritsa, ndipo ku Aviemore kuli chipatala chaching'ono chimene chinatsegulidwa mu 2021, matenda aakulu ndiye amatumiza ku Raigmore ku Inverness.

Galimoto ndi yofunika, makamaka mukakhala kunja kwa tauni ndipo shifiti ikutha usiku. Ikani matayala a nyengo yozizira, m'buti muzikhala fosholo, bulangete ndi tochi. Pochokera kummwera A9 imadutsa pa Drumochter pomwe nthawi zina amatseka zipata sinowo ikachuluka, ndiye tsiku losamutsa katundu lisakhale la Januwale chonde.

Ufa mudzagula ku Inverness kapena kuitanitsa pa intaneti, ine ndimatenga thumba lalikulu ndikapita ku Glasgow. Kusungulumwa kulipo, Amalawi kumeneko ndi owerengeka, koma anthu a ku Scotland ambiri Malawi amaidziwa, makamaka m'matchalitchi a Church of Scotland omwe ali pa ubale wakale ndi CCAP. Ine tsiku loyamba kulowa m'tchalitchi gogo wina atamva kuti ndine wa ku Malawi anandigwira dzanja n'kuyamba kufotokoza za mlongo wake amene anaphunzitsapo ku Livingstonia, Lamulungu lotsatira anandibweretsera jekete la ubweya la malemu amuna ake, ndipo ndinalivala nyengo zozizira zitatu.

Ndiye abambo apite mu Disembala, akhale m'kachipindako, asunge ndalama ya dipoziti, tsiku lopuma azizungulira kufunsa nyumba ndipo alembetsenso pa Highland Housing Register, kaundula wa ofuna nyumba za khonsolo ndi za mabungwe, ngati mapepala anu akulola. Pa holide ya Isitala mupite ndi ana sabata imodzi akaone malowo. Kontrakiti yokhazikika ikakhala m'manja ndipo nyumba mwasainira, samukani mu Julayi. Mukafika pa sitepe yoyang'ana nyumba ndilembereninso, ndikuuzeni midzi yomwe basi imafikako mpaka usiku.