Mudasiyira Folomu 3 mu 2016 ndipo mukufuna MSCE: muyambire apa

Mayi wina wa ku Dedza watitumizira imelo. Akuti adasiyira sukulu pakati pa Folomu 3 mu 2016 atatenga pathupi, satifiketi ya JCE ali nayo, mwana wakula ndipo masiku ano amagulitsa kaunjika pamsika. Akufuna akalowe Folomu 4 kuti alembe MSCE msanga, kenako akaphunzire unamwino. Akufunsa kuti ayambire pati.

Mayi, mwaganiza bwino, ndipo khomo ndi lotsekula. Kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana amene adasiya sukulu chifukwa cha pathupi kubwereranso m'kalasi. Koma pa za Folomu 4 tikukupemphani mufatse. Bwererani Folomu 3. Mafunso a MSCE amachokera m'ntchito ya Folomu 3 ndi 4 yonse, ndipo inu simudamalize n'chaka choyamba chomwe. Komanso silabasi idasintha inu mutachoka. Physical Science imene munkaphunzira idagawidwa pawiri, pano pali Physics payokha ndi Chemistry payokha, ndipo mabuku a literature a Chichewa ndi Chingerezi si omwe munkawerenga aja. Mukadumpha chaka mutha kupeza satifiketi ndithu, koma yokhala ndi magiredi oti sangakulowetseni ku koleji imene mukufunayo.

Nkhani yagona pa magiredi. Bungwe la MANEB limapereka giredi 1 mpaka 9 pa phunziro lililonse. 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, 9 ndiye kulephera. Kuti mulandire satifiketi muyenera kukhoza maphunziro 6 kuphatikizapo Chingerezi, limodzi mwa iwo likhale la kirediti, kapena maphunziro 5 kuphatikizapo Chingerezi koma atatu akhale a kirediti. Onani kuti Chingerezi chili ponseponse. Munthu atha kupeza 1 pa Masamu ndi pa Biology, koma akapeza 9 pa Chingerezi satifiketi palibe. Mapointi amene anthu amatchula aja amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro 6 amene mwakhoza bwino, ndiye akachepa ndi pamene zili bwino.

Tsono satifiketi ndi kulowa koleji ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mayunivesite a boma, amene amasankha ophunzira kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Makoleji a unamwino amayang'anitsitsa Chingerezi, Masamu, Biology ndi Chemistry kapena Physics. Giredi 7 pa Biology imakupatsani satifiketi koma unamwino imakumanani. N'chifukwa chake musanasankhe maphunziro, pezani chilengezo chaposachedwa cha koleji imene mukuifuna, mulembe pa pepala makirediti amene ikufuna, ndipo ndandanda yanu ichokere pamenepo.

Kwa inu tingasankhe maphunziro 7: Chingerezi, Masamu, Biology, Chemistry, Physics, Agriculture ndi Chichewa. Mukatenga 6 okha, limodzi likangovuta basi makirediti 6 aja sakwana. Mukatenga 9 muli ndi bizinezi ndi mwana, nthawi yowerenga imamwazikana ndipo onse amathera pa 7 ndi 8.

Za komwe mungaphunzire, ambiri obwerera amalowa sukulu ya open, imene imachitikira m'makalasi a sekondale za boma ndi ma CDSS masana ana am'mawa akaweruka. Musanalipire fizi, kaonaneni ndi ahedi kapena woyang'anira open ndipo muwafunse zinthu zitatu. Choyamba, kodi sukuluyo ndi senta ya mayeso a MANEB, ndipo ngati si senta ophunzira ake amakalembera kuti? Chachiwiri, kodi pali aphunzitsi a Physics ndi Chemistry amene amabweradi masana? Chachitatu ndi chimene ambiri amaiwala: kodi a open amalowa mu labu? Biology, Chemistry, Physics ndi Agriculture zili ndi mayeso a practical. Munthu amene sadagwirepo burette (chubu chagalasi choyezera zamadzimadzi mu labu) kapena kuyeza starch ndi iodine amataya mamalikisi pa zinthu zosavuta, manja akunjenjemera, chikhalirecho nkhaniyo amaidziwa pamtima. Ngati sukulu ili pafupi ilibe labu, kuli bwino kupalasa njinga kupita patsogolo.

Popita tengani satifiketi ya JCE, chiphaso cha unzika, ndi lipoti kapena kalata yochokera ku sukulu yanu yakale ngati ilipo.

Mukadzafika Folomu 4, kalembera wa mayeso amachitika mu teremu yoyamba, ndipo apa ndi pamene zambiri zimasokonekera. Dzina limene mudzalembetse likhale ndendende limene lili pa JCE. Ngati mudakwatiwa n'kuyamba kugwiritsa ntchito dzina la bambo akunyumba, musalilowetse pa mayeso, chifukwa mapepala a mayina awiri adzakuvutitsani ku koleji ndi pofuna ntchito. Ndandanda ya olembetsa ikatuluka, iwerengeni nokha chilembo ndi chilembo: dzina, tsiku lobadwa, chithunzi ndi maphunziro. Phunziro limene silidalembedwe pamenepo simudzaloledwa kulemba ngakhale mutaliphunzira zaka ziwiri. Ndalama ya mayeso lipirani nokha ku banki kapena pa foni motsatira nambala imene sukulu yakupatsani, musapatsire munthu m'manja kuti akakulipirireni, ndipo risiti kapena uthenga wotsimikizira muusunge mpaka zotsatira zitatuluka. Chiphaso cha MANEB chikabwera chisungeni ngati ndalama, ndicho chimakulowetsani m'chipinda cha mayeso.

Chovuta chenicheni kwa inu chikhala nthawi. Makalasi a open amagwa pamene msika ukuyenda, choncho konzani tsopano woti azitsala pa benchi ndi wolandira mwana akaweruka, zisadzakudzidzimutseni teremu ili mkati. Maola awiri tsiku lililonse m'bandakucha amapindula kuposa kuchezera usiku wonse mayeso atayandikira. Masamu a Folomu 1 ndi 2 abwerezeni sukulu isanatsegulidwe, makamaka algebra, chifukwa Physics ndi Chemistry zimatsamira pomwepo. Pa Chingerezi lembani chimangirizo chimodzi ndi summary imodzi sabata iliyonse, aphunzitsi akuchongereni. Mapepala a mayeso akale asankheni a silabasi yatsopano, ndipo muziwalemba mutatchera wotchi.

Wina akadzabwera ndi likasa pa WhatsApp, mukaneni. Mu 2020 mayeso a MSCE adathetsedwa atabedwa, ndipo dziko lonse lidalembanso mu Januwale 2021, olakwa ndi osalakwa omwe. Wogwidwa akubera zotsatira zake zimafafanizidwa.

Sabata ino pitani ku sekondale ziwiri zapafupi zimene zili ndi open, JCE ili m'manja, mukafunse mafunso atatu aja ndi tsiku limene ayambe kulemba a Folomu 3.